Nsupa ya Mchere ya Amalume Domingu

Amalume Domingu tinawaika chaka chatha, chimanga chikumasula, ndipo mpaka lero anthu a mudzi wathu, kuno kufupi ndi Mualadzi, sanamvane pa chimene chinawapha. Kuchipatala cha ku Chifunde anati ndi chifuwa chimene chinakula ndi fodya wa chingambwe yemwe ankapichira m'makoko a chimanga. Azimayi a pachitsime amati ayi, kutupa miyendo kuja ndi kutsokomola kuja ndi mdulo, ndipo akatero amaponya diso kwa mkulu wanga Lusiya. Ine ndinaleredwa ndi munthu wosakhulupirira aliyense, choncho mbali zonse ziwiri ndimazimvera ndi khutu limodzi. Mlungu wathawu tinali ndi Misa yowakumbukira, apadiri, ansembe athu, n'kunena kuti malemuwa anali munthu wa mtima woyera. Akanakhalapo eni ake akanandinong'oneza kuti ndifufuze chimene apadiriwo akufuna.

Anali munthu wamfupi, wouma ngati chiputu, wa kazako mmodzi wakuda, jekete limene ankavala padzuwa ndi pamvula pomwe. Sankakhala chofulatira njira. Mlendo akawapatsa moni wautali, ankadikira kuti amalize kenaka n'kumufunsa amene wamutuma. Mwambi uja woti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa ankauvomera, koma ankati choyamba tidziwe kuti kalumoko akufuna kumeta nako ndani. Kuchigayo ankaimirira pafupi ndi thumba mpaka nsidze kuyera ndi ufa. Lamulungu ankapita ku Misa n'kukhala pafupi ndi khomo, ndipo mvula ikachedwa ankapitanso kukathira nsembe patsinde pa msolo. Akatekisita atawadzudzula, iwo anayankha kuti uthenga wofunika sapatsira munthu mmodzi.

Ine ndi Lusiya tinalowa m'nyumba mwawo mayi athu atamwalira pobereka, ine ndisanadziwe n'kusenza ndowa komwe. Bambo athu anakakwatira kwina n'kutiiwala. Mwini mbumba yathu sanali amalume Domingu ayi. Anali akulu awo, amalume Zakariya, ndipo pa nkhani ya ukwati wa mwana wamkazi mawu otsiriza anali a iwowo. Amalume Domingu anali ndi ana awo awiri aamuna, Paulo ndi Jowakimu, ndi akazi awo, azakhali a Rozalina, amene anawatenga chitengwa kuchokera ku Nsadzo.

Ntchito pakhomopo zinali zogawidwa monga pakhomo pena paliponse. Ife atsikana kudzuka m'mamawa, kusesa, kupita kuchitsime, kukonola, kuthyola ndiwo, kutola nkhuni, kutsuka mbale zimene anyamata adyeramo. Anyamata ankatsekulira mbuzi n'kuzisiya zidzionere zokha, iwo ali kalikiliki kukumba mbewa. Akabwerako amakhala atatopa kwambiri moti madzi osamba ankayenera kuwapeza atafunda kale. Kusikola tinkapita tonse, koma iwo ankafika belu lisanalire, ife tikufika mochedwa tikununkha utsi. Ndinafunsapo chifukwa chake, ndipo yankho linali limodzi kwa aliyense, loti mwamuna akagwira munsi amamera mabere. Amalume Domingu nawonso ankakhulupirira zomwezo. Asakunamizeni amene akuwakometsera mbiri tsopano poti anapita. Munsi sanaugwirepo, ndowa sanasenzepo, ndipo ine sanandichotserepo ntchito ngakhale imodzi.

Chimene anagwira ndi mchere.

Kwathu kuno mchere si wothira chithirethire. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere mu ndiwo, ndipo amene wayenda njira zosayenera sathiranso, chifukwa amati wodya ndiwozo amadulidwa, n'kuyamba kutsokomola ndi kutupa mpaka kufa. Masiku oterowo mayi amaitana mwana wosakula kuti adzamuthirire. Choncho pamudzi palibe chinsinsi. Mtsikana amene dzulo ankathirira amayi ake mchere, lero n'kuitana mng'ono wake kuti amuthirire, wadziulula yekha kuti wakula ngakhale asatsegule pakamwa. Anamkungwi amamva tsiku lomwelo, ndipo wofuna mkazi amamva mawa lake.

Lusiya anali ndi womudikira. A Benito, mwini chigayo, bambo wa akazi awiri kale ndi mota, njinga yamoto yofiira, anapangana ndi amalume Zakariya pa mowa kuti mwanayo akangokula n'kuvinidwa, alowe m'nyumba mwawo. Nthawiyo Lusiya anali asanamalize sikola ya pamudzi. Apulofesola ake, aphunzitsi a pasikolapo, anali atanena kuti akadzakhoza mayeso otsiriza, masisitere a ku mishoni adzamutenga kuti azikaphunzira ndi kugona komweko, kumene mota ya a Benito sikanalowa. Amalume Domingu analibe mphamvu yokanira pangano la akulu awo. Chimene chinatsala chinali choti Lusiya afike pamayesopo mudzi usanadziwe kuti wakula.

Tsiku lina anabwerako ku msika wa ku Chifunde ndi mchere, n'kuukhuthulira m'kansupa. Anakhoma msomali pamwamba pa chitseko cha kuchipinda kwawo, n'kukoloweka nsupayo pamenepo, n'kutiitana tonse.

"Kuyambira lero mchere pakhomo pano ndizithira ndine," anatero. "Ndikachokapo azithira Paulo kapena Jowakimu. Munthu wamkazi asaukhudze, kaya wamkulu kaya wamng'ono."

"Nanga talakwanji, abambo a Paulo?" azakhali anafunsa.

"Mumawawitsa ndiwo."

Zaka zonse za ukwati wawo anali asanadandaulepo za ndiwo. Azakhali anawayang'ana, n'kuyang'ananso Lusiya, ndipo sanafunsenso.

Mudzi unaigwira nkhaniyo dzuwa lisanalowe. Amuna pa mowa ankati Domingu wadyetsedwa khuzumule, posachedwa timuona atabereka mwana kumbuyo. Ena ankati nsupa ndi nsupa basi, mulibe mchere wokha mmenemo, n'chifukwa chake nkhokwe yake imadzaza pomwe minda ya anzake yakanika. Izi amalume zinkawakondweretsa, chifukwa munthu woopedwa sabwerekedwa khasu. Koma minga yeniyeni inabaya azakhali a Rozalina. Mwamuna amene sadya mchere wothira mkazi wake, anthu amati akudziwapo kanthu. Azakhali akafika pachitsime nkhani zinkaduka. Gulu la amayi a kutchalitchi linawachotsa pa ntchito yophika pa zikondwerero n'kuwapatsa yosesa, ndipo panapezeka ngakhale wolumbira kuti anawaona akutuluka m'munda wa chinangwa ndi munthu wosadziwika.

Ndinawamva azakhali ndi amalume akukangana kuseri kwa nkhokwe.

"Dzina langa lawola kuyambira pano mpaka ku Nsadzo," azakhali anatero. "Auzeni anthu kuti sindinachimwe."

"Ndikawauza kuti si inu, afunsa kuti nanga ndi ndani."

"Ndiye ndifere mwana wa mlongo wanu?"

"Simufa, amake Paulo. Manyazi sanaphepo munthu."

Azakhali sanawalankhule mpaka tinakolola. Mawu amenewo sanawakhululukire konse, ndipo ine ndili kumbali yawo, chifukwa n'kosavuta kunena kuti manyazi sapha pamene akusenza ndi wina. Komabe ndi azakhali omwewo amene, Lusiya atakuladi, anamulangiza mwakachetechete, n'kumung'ambira kapulana, chitenje chawo chakale, n'kumuonetsa poyanika m'kati mwa nyumba pamene diso la mlendo silifika. Ine ndinadziwa chifukwa tinkagona pa mphasa imodzi. Amalume anandiitana pambali n'kundiuza kuti ndikangoyasamula adzandisoka milomo ndi luzi, ndipo ndinawakhulupirira.

Amene lamulo la mchere linawagwera ngati mphenzi ndi Paulo ndi Jowakimu. Mchere uli ndi nthawi yake, ndiye wothirayo amayenera kudikira pafupi ndi mafuwa. Azakhali, poti mkwiyo wawo unalibe kolowera, anaugwiritsa ntchito bwino. Poti mwakhala pomwepo, sonkhezerani moto. Poti mwasonkhezera, takasani zingapserere. Poti mwatakasa, tsukani mthikowo. Anyamata anakadandaula kwa bambo awo, koma amalume anati mnyamata wongokhala amakhala akuganiza zoba mazira. Anzawo anawapatsa dzina loti anamwali a Domingu, ndipo Jowakimu anataya dzino chifukwa cha dzinalo. Pambuyo pake anayambanso kutunga madzi, koma panjinga, chifukwa ndowa pamutu ndi ya mkazi pomwe chigubu panjinga ndi cha mwamuna, ngakhale madziwo ndi a chitsime chimodzi. Mabere sanamere. Lero Paulo amatendera nkhwani kuposa mkazi wake, ndipo mkaziyo mpaka pano amamufunsa kuti anamuphunzitsa ndi mkazi uti.

Ndimafuna nditanena kuti amalume ankamukhulupirira Lusiya, koma ndingakhale ndikunama. Ankamutsatira popita kusikola, nkhwangwa ili paphewa ngati akupita kumunda. Apulofesola aja ankawakayikira kuti mwana wa eni ake akumuyamikiriranji chonchi. Masisitere ankawakayikiranso. Lusiya akaseka kwambiri ankamukumbutsa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sanamuuzepo kuti amamukonda, kapena chifukwa chimene ankachitira zonsezi.

Mchere unabisa nkhaniyo nyengo yaitali, koma thupi silibisika. Mota ya a Benito inayamba kudutsa pang'onopang'ono pakhomo pathu. A Nambewe, namkungwi wamkulu wa mudzi wathu, mayi wa maso ang'onoang'ono osaphonya kanthu, anaona kuti masiku ena Lusiya sapita kukasamba kumtsinje ndi anzake. Anangodikira.

Mayeso atayandikira, tinalandira alendo masana ena osayembekezera. Anali amalume Zakariya, a Nambewe, ndi mlongo wawo wa azakhali wochokera ku Nsadzo, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anati abwera kudzakamba mlandu wa mchere, kuti Domingu anene poyera chimene akazi ake analakwa. Alendo otere sawaphikira masamba, ndiye nkhuku inaphedwa. A Nambewe sanakhale pamphasa ndi anzawo. Anakhala pafupi ndi mafuwa, akuti akumva tsemwe. Tsikulo analisankha bwino, ndipo ine ndinkadziwa kuti analisankha bwino, chifukwa Lusiya anali kumwezi.

Nkhuku itafewa, amalume Domingu anadzuka kuti akatenge nsupa yawo.

"Khalani pansi, a Domingu," a Nambewe anatero, akumasula mfundo pa nsonga ya kapulana yawo. Munali mchere. "Akazi anu mukuwakayikira, chabwino, mlandu umenewo tikamba. Koma uyu akadali mwana, si choncho? Mwana sadula munthu. Lusiya, tenga mcherewu uthire."

Lusiya anaulandira ndi manja awiri, n'kuima pomwepo. Akakana, ndiye kuti wavomera kuti wakula, ndipo mwezi usanathe akanakhala kwa a Benito. Akathira, iye ndi ife tonse tinkadziwa kuti wapha anthu odya nkhukuyo. Panalibe pabwalopo amene ankakayika za mdulo, ndipo amene ankauopa kuposa onse anali amalume Domingu, munthu amene pamaliro ankabwerako ndi njala ngati sanaone wothira mchere. Timibulu ta mchere tinkapulumuka m'manja mwa Lusiya n'kugwera m'phulusa.

Amalume anakhala pansi. Anayang'ana akulu awo, anayang'ana a Nambewe, n'kumaliza kupichira fodya wawo osafulumira.

"Thira, mwana iwe," anatero. "Ukudikira chiyani?"

Anathira.

Azakhali atati apakule, amalume anadzuka n'kunyamula mphika wonsewo ndi makoko a chimanga, n'kukauika pakati pa miyendo yawo.

"Akulu," anauza amalume Zakariya, "mwabwera kudzakamba mlandu kapena kudzatchera msampha? Mchere wochokera m'kapulana ya munthu wina ine sindikuudziwa. Ngati muli kanthu, afe mwini khomo. Asafe mlendo, anthu n'kumadzati Domingu anapha abale ake."

"Ndiye kuti ine ndine mfiti?" a Nambewe anafunsa.

"Sindinatero, mayi. Ndati sindikuudziwa."

Ndipo anadya. Anadya nkhuku yonse okha, alendo akuyang'ana. Paulo atatambasula dzanja kuti atoleko kamwendo, anamumenya padzanjapo mpaka kunamveka kuseri kwa nyumba. Msuzi anamwa, mafupa anatafuna, otsala anakawataya okha kuchimbudzi kuti ngakhale galu asanyambite. Thukuta linkatsika pamphumi pawo, ndipo alendo ankayesa ndi tsabola. Mlongo wawo wa azakhali ananyamuka osatsanzika. Amalume Zakariya anatukwana mpaka kumsewu. A Nambewe anachoka atatupa ndi mkwiyo, koma madzulo omwewo anakauza a Benito kuti adikirebe, chifukwa munthu wamantha ngati Domingu sakanalawa n'komwe ndiwozo mwanayo akanakhala kuti wakula.

Mankhwala a mdulo alipo, ndipo asing'anga ake amalume ankawadziwa bwino. Koma wopita kukawafuna amayenera kutchula amene wamudula. Sanapite. Masiku otsatira ndinkawaona akudzisisita miyendo m'mawa, akudinikiza chala pamsongolo kuona ngati pakulowa. Lusiya akafuna kulankhula nawo ankamuthamangitsa kuti akawerenge.

Anakhoza mayesowo. Amalume anamangirira katundu wake panjinga n'kumuperekeza ku mishoni kusanache, osatsanzika kwa mwini mbumba. Abale awiriwo sanapatsanenso moni kwa zaka zambiri. A Benito analamula kuti chimanga cha kwa Domingu chisalowenso m'chigayo mwawo, ndipo chigayo china chinali kutali, choncho ufa wonse wa pakhomopo unayamba kutuluka mumtondo. Wosinja wake ndinali ine. Anthu akamatamanda amalume kuti anapulumutsa mwana, ine ndimayang'ana zikhatho zanga. Ndinawadandaulira kamodzi kuti anyamata andithandizeko, iwo n'kundiyankha kuti mchere ndi wina, munsi ndi wina, ndisasokoneze zinthu.

Lamulo lija sanalichotse ngakhale Lusiya atapita. Nsupa inakhalabe pamsomali, ndipo nthawi yanga itakwana panalibe wodziwa. Ndinakwatiwa nditafuna ndekha, ndi mwamuna amene amalume anamufunsa mafunso mpaka anatsala pang'ono kuthawa. Wina akawafunsa za mchere, yankho linali lomwe lija, loti akazi amawawitsa ndiwo.

Zoona zake zinadzatuluka Lusiya ali kale m'manja mwa masisitere. A Nambewe anazilumikiza okha, n'kuuza mudzi wonse kuti anapusitsidwa, ndi kuti Domingu wadya imfa yake. Kuyambira pamenepo, amalume akangotsokomola anthu ankagwedeza mitu. Ine ndikukumbukira bwino kuti ankatsokomola nkhuku ija isanaswedwe n'komwe. Anakhalanso zaka zambirimbiri, mpaka kuona Lusiya atavala zoyera za unamwino. Akawabweretsera mankhwala ankawanunkhiza kaye, n'kumufunsa amene wamupatsa. A Nambewe anafa iwo akadali moyo, ndipo pamaliro awo amalume sanadye.

Titabwerako kumanda kokaika amalume Domingu, azakhali a Rozalina anatiuza ine ndi Lusiya chinthu chimene amuna awo sanawauzepo, chomwe iwo anachimva kwa akazi a amalume Zakariya. Akuti amalume ali kamwana, mayi athu, amene anali mlongo wawo wamkulu, anawaitana tsiku lina kuti awathirire mchere, n'kuwapempha kuti asauze munthu. Kamwanako, ponyadira kuti kapatsidwa ntchito, kanathamanga kukalengeza pabwalo kuti lero mchere ndathira ndine. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, mayi athu anali ku ukwati. Nkhaniyi ndimaikayikira pang'ono, chifukwa ikukwana bwino kwambiri, ndipo eni ake anandiphunzitsa kuti chinthu chokwana bwino kwambiri pamakhala amene wachisema. Koma ndikukumbukira kuti manda a mayi athu ankalambula okha, ndipo sankalola kuti wina awaperekeze.

Tsiku lomwelo Lusiya anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Uyu ndi munthu amene amaima pamaso pa azimayi kuchipatala n'kuwauza kuti chifuwa chili ndi mankhwala, asamataye nthawi ndi kulozana zala.

"Iwe unalipo," anatero. "Ndiuze zoona. Ndinawadula ndine?"

Ndinamuyankha kuti ndi fodya. Masiku ambiri ndimakhulupiriradi choncho. Koma chimene chimandipweteka si chimenecho ayi. Kaya mdulo ulipo kaya kulibe, iwo ankadziwa mumtima mwawo kuti ulipo, ndipo anamwa ndi msuzi womwe.

Mlungu wathawu, Misa itatha, tinasonkhana pakhomo paja. Amalume Zakariya, okalamba tsopano ndi osaona bwino, anakhala pansi pa mango. Lusiya ndi amene anaphika nkhuku ya alendo. Nthawi ya mchere itakwana anatapa m'pepala limene anabwera nalo, n'kuima dzanja lili m'mwamba pa mphika. Ndinamuona akutembenukira ku chitseko cha kuchipinda. Kenaka anabweza mcherewo m'pepala muja.

"Paulo," anaitana.

Paulo, bambo wa imvi, anadzuka pakati pa amuna anzake n'kubwera pamafuwa. Panalibe amene anaseka.

Nsupa ija kulibe. Azakhali anailowetsa m'thumba la kazako wakuda uja tisanatseke bokosi, akuti azikathira okha kumeneko, asakavutitse akazi a eni ake. Msomali wokha ndi umene watsala pamwamba pa chitseko. Khoma lonse ladetsedwa ndi utsi, kupatula kamalo kozungulira pansi pa msomaliwo, pamene nsupa inkatsamira. Mdzukulu wina anakolowekapo chipewa chake, azakhali n'kuchichotsa. Chigoba chimene amalume ankakhalira chikadali pakhonde, choyang'ana kunjira, ndipo mlendo aliyense tsopano amalowa mpaka pakhomo popanda womufunsa amene wamutuma.